NDANI ANALIPIRA WOSINDIKIZA? MBIRI YA MALONDA NDI MANYUZIPEPALA M'DZIKO LA ZAMBIA

Munthu akaturuka ku nchito madzulo, nagula nyuzipepala pa njira ndi timakobiri ta m'thumba mwace, aganiza kuti walipira zonse za nyuziyo. Koma kunena zoona walipira gawo locepa cabe. Pepala, inki, makina, malipiro a olemba ndi a osindikiza, ndi galimoto yonyamula mitokoma usiku kunka ku Ndola kapena ku Chipata, zonsezi zidya ndalama zoposa zimene owerenga apereka. Zotsalazo zicokera kwa munthu wina amene dzina lace liri pa masamba omwewo, ndiye wamalonda wogula malo kuti atsatse katundu wace. Mbiri ya manyuzipepala a dziko lino, kuyambira masiku amene linali kuchedwa Northern Rhodesia, iyenda pamodzi ndi mbiri ya munthu ameneyu. Pamene iye anamasula thumba lace nyuzi inakhala ndi moyo, ndipo pamene analimanga nyuzi inafa, ngakhale owerenga anali kuikonda.

Nkhani imeneyi ikhudza anthu ambiri koposa olemba nyuzi okha. M'matauni a ku Migodi ndi ku Lusaka muli mabungwe a eni masitolo, a ogulitsa pa misika, a osoka zobvala ndi a okonza magalimoto. Ndipo kawirikawiri bungwe lotere likakula, mamembala ace alakalaka kukhala ndi magazini yaoyao, yolembamo za misonkhano yao, za mitengo ya katundu, za malaisensi ndi misonkho, ndi madandaulo ao kwa Boma. Cilakolako cimeneci ndi cabwino, koma njira yace anaiyenda kale ena, ndipo nyuzi zimene zinafera m'njiramo ziri zambiri. Nkoyenera kuti wofuna kuyamba ulendo adziwe cimene cinapha anzace.

ANAYAMBA NDI AMALONDA

Kuno pakati pa Africa, kupatula timapepala ta amishoni ndi ta Boma, nyuzi zoyamba anaziyamba anthu amene anali ndi kanthu kogulitsa. Mu 1895, ku Songani pafupi ndi Zomba, m'dziko limene tsopano lichedwa Malawi, Azungu awiri olima minda, Bambo R. S. Hynde ndi Bambo R. R. Stark, anayamba kusindikiza magazini yochedwa Central African Planter. Owerenga ace anali alimi anzao a ku mapiri a Shire, amene masiku amenewo anaika mtima wao wonse pa khofi, ndipo nkhani zace zinali za mbeu, za mitengo, za amtengatenga ndi za kusowa kwa anchito. Inali magazini ya anthu a nchito imodzi olemberana okhaokha, monga iri magazini ya bungwe liri lonse la amalonda. Koma alimiwo anali owerengeka, ndipo mu 1897 eni ace anaturutsa ku Blantyre nyuzi ya Azungu onse, Central African Times, imene mu 1908 inasanduka Nyasaland Times. Daily Times ya ku Malawi ya lero ndiyo mdzukulu wace.

Tsidya lino nkhani inayambira pa Zambezi. Ulalo wa njanji pa Mosi-oa-Tunya unatsegulidwa mu 1905, ndipo Azungu amene anali kukhala pa dooko la Old Drift, malo a udzudzu ndi malungo, anasamukira ku mudzi watsopano wa Livingstone. Pakati pao panali Bambo Leopold Moore, wogulitsa mankhwala. Kuciyambi kwa 1906 kunaoneka kanyuzi kochedwa Livingstone Pioneer, kamene sikanakhalitse, ndipo m'mwezi wa March caka comweco Bambo Moore anaturutsa Livingstone Mail. Mwini sitolo ndiye anali mwini nyuzi ndi mkonzi wace yemwe, kotero kuti mankhwala ao sanasowe malo pa masamba. Ndi nyuzi yomweyo analimbana zaka zambiri ndi British South Africa Company, imene inalamulira dziko kufikira 1924, ndipo pambuyo pace analowa m'Bungwe la Malamulo monga wolankhulira Azungu okhazikika kuno. Za anthu akuda, eni dziko, Livingstone Mail siinasamale kwenikweni, koma powachula monga anchito kapena monga bvuto.

Pamene migodi ya mkuwa inayamba kuturutsa cuma, Roan Antelope mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933 ndi Nchanga mu 1939, malonda anasamukira kumpoto, ndipo nyuzi zinawatsata. Mu 1935 ku Ndola kunabadwa Northern Rhodesia Advertiser, imene dzina lace lokha linanena poyera kuti inadzera kutsatsa malonda. M'zaka za nkhondo yaciwiri ya dziko lonse kunadza Northern News, ndipo mwini wace anakhala Bambo Roy Welensky, woyendetsa sitima wa ku Broken Hill, Kabwe wa lero, amene anali kutsogolera bungwe la Azungu anchito a pa njanji. Iwo anaigwiritsa nchito yokometsera ganizo la kuphatikiza maiko awiri a Rhodesia, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 anaigulitsa kwa kampani ya m'gulu la Argus la ku South Africa.

MASAMU A WOSINDIKIZA

Kuti munthu amvetse cifukwa cace amalonda anali ndi mphamvu yotere, ayenera kulowa m'nyumba yosindikiziramo. Masiku amenewo zilembo zinali za mtobvu. Wosindikiza anali kuzitola cimodzicimodzi ndi kuzindanda m'mizere, kapena anali kuzitaipa pa makina ochedwa Linotype, osungunula mtobvu ndi kuumba mzere wathunthu nthawi imodzi. Nchito yonseyi, pamodzi ndi ya olemba nkhani ndi ojambula zithunzi, iyenera kutha kope loyamba lisanaturuke. Cifukwa cace kope loyamba ndilo lodula koposa onse, pakuti otsatirawo alira pepala ndi inki cabe. Ndipo pepalalo linali kucokera kunja kwa dziko, nilifika pa sitima ya pamtunda. Nyuzi ya makope ocepa isenza katundu yemweyo pa mitu yocepa, ndipo ikati igawe mtengo wonse kwa owerenga palibe amene angaigule.

Mpata umenewu autseka pogulitsa malo. Tsamba ligawidwa m'madanga oimirira, ndipo masiku amenewo malo anali kuyesedwa ndi mainchi. Tsamba loyamba ndi lotsiriza ndiwo odula. Timalonda tating'ono, ta wogulitsa njinga yakale kapena ta wofuna nchito, tilipidwa powerenga mau. Mtengo wa inchi unali kukwera monga mwa kucuruka kwa makope ogulidwa, ndipo popeza eni nyuzi ena anali kuonjeza ciwerengero pakamwa, amalonda a ku Britain anakhazikitsa mu 1931 bungwe loyang'ana mabuku a nyuzi, lochedwa Audit Bureau of Circulations, kuti munthu asalipire makope amene sanasindikizidwe konse.

Komatu wamalonda akatha kuwerenga mitu ya owerenga ayang'ananso m'matumba mwao, ndipo apa ndipo panagona tsoka la nyuzi za anthu akuda. Kope limodzi m'komboni linali kuyenda m'manja ambiri, ndipo wodziwa zilembo anali kuwerengera anzace mokweza pa khonde kapena ku holo ya mowa. Koma wosindikiza analandira mtengo wa kope limodzi lokha, ndipo mwini sitolo ya m'tauni anayesa kuti munthu wolandira masheleni owerengeka pa tikiti alibe cogula. Motero matumba olipira wosindikiza anali atatu: thumba la wowerenga, limene linali locepa, thumba la wamalonda, limene linali lomangika, ndi thumba la mwini wolemera, wolola kutaya ndalama pa nyuzi cifukwa ali ndi cina cimene afuna.

THUMBA LACITATU

Thumba lacitatuli ndilo linayamba kumasuka, ndipo kawiri konse cinalimasula ndi sitalaka. Ku Johannesburg, kumene amuna ambiri a maiko a kuno anapita kukakumba golide, anchito akuda oposa 70,000 ananyanyala nchito m'mwezi wa February 1920. Caka comweco bungwe la eni migodi, Chamber of Mines, linayamba nyuzi ya anthu akuda yochedwa Umteteli wa Bantu, kuti ilimbane ndi Abantu-Batho, nyuzi ya Congress ya kumeneko. Abantu-Batho inasauka, niifa mu 1931. Koma Umteteli, pokhala ndi bungwe lolemera kumbuyo kwace, inafika m'zaka za m'ma 1950.

Kuno zinayenda cimodzimodzi. M'mwezi wa May 1935 anchito a ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Roan Antelope ananyanyala nchito cifukwa ca kukwera kwa msonkho, ndipo ku Luanshya apolisi anaombera anthu, nafa 6. Ofufuza a Boma anaika mlandu wina pa mabuku a Watch Tower, ndipo akuru a Boma anaona kuti odziwa kuwerenga acuruka, koma alibe cowerenga cocokera kwa iwo. Tsono mu 1936 anayamba Mutende, nyuzi yolembedwa m'Cingelezi, m'Cibemba, m'Cinyanja, m'Citonga ndi m'Cilozi. Mutende inacita zabwino zina zosakanika. Inazoloweretsa anthu kuwerenga cinenero cao pa pepala losindikizidwa, inaturutsa makalata a owerenga, ndipo pa nthawi ya nkhondo inauza mabanja za asilikari a Northern Rhodesia Regiment amene anali ku Somaliland, ku Madagascar ndi ku Burma. Koma mkonzi wace anali wanchito wa Boma, ndipo anthu a m'tauni sanacedwe kuzindikira kuti mau ace ndi mau a Boma.

Mmodzi wa oyamba kuona phindu m'thumba la wowerenga wakuda anali Bambo Bertram Paver, amene nchito yao inali yogulitsa malo a zotsatsa malonda. Mu 1932 anayamba Bantu World ku Johannesburg, ndipo mkonzi wace anakhala Bambo R. V. Selope Thema. Nzeru ya a Paver inali yosonkhanitsa nyuzi zambiri za zinenero zosiyana pansi pa kampani imodzi, kuti wamalonda wamkuru alipire pa khomo limodzi, nafike kwa ogula a maiko ambiri. Ku Salisbury, Harare wa lero, kampani ya a Paver yochedwa African Newspapers inali ndi Bantu Mirror, African Weekly ndi African Parade. Ndipo pamene Boma la kuno linaleka Mutende kumapeto kwa 1952, kampani imeneyi ndiyo inaturutsa African Eagle m'malo mwace mu 1953. Masamba a nyuzi zotere anadzala ndi njinga, sopo, tiyi, makina osokera, mankhwala a m'mabotolo, mafuta oyeretsa khungu, ndi masukulu ophunzitsa pa kalata.

Koma 1953 ndico caka cimene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinayamba, ndipo anthu akuda a kuno anacikana, pamene makampani akuru ogula masambawo anacikonda. Nyuzi inali ndi ambuye awiri oyang'ana kosiyana, ndipo akuru anati mapanga awiri abvumbwitsa. Owerenga ambiri anaiona African Eagle ngati yokomera Citaganya, nasiya kuikhulupirira pa nkhani za ndale.

WOGULA WATSOPANO

Cimene a Paver anaona cikali patali cinaonekera kwa onse m'zaka za m'ma 1950. Mu 1949 anchito a migodi yonse anaphatikizana m'bungwe limodzi, African Mineworkers' Union, lotsogoleredwa ndi Bambo Lawrence Katilungu. Kumapeto kwa 1952 ananyanyala nchito masabata 3 popanda cipolowe, ndipo m'mwezi wa January 1953 Bambo C. W. Guillebaud a ku Cambridge, amene anaitanidwa kudzaweruza mkanganowo, anaonjeza malipiro. Mtengo wa mkuwa unali kukwera, ndipo m'makomboni munayamba kulowa njinga, mipando, magalamafoni ndi masuti.

Munalowanso wailesi. Nyumba ya mphepo ya ku Lusaka inayamba mu 1941, koma wailesi za masiku amenewo zinali zodula. Bambo Harry Franklin, mkuru wa Information Department, anayenda m'makampani a ku Britain kufuna wopanga wailesi yocepa mtengo, ndipo kampani ya Ever Ready inabvomera. Mu 1949 kunafika kawailesi kozungulira, koumbidwa ngati safuliya, kogulidwa mapaundi 5, ndi batire yace masheleni 25. Zikwi za anthu zinagula, ndipo amalonda anapenya ndi maso ao kuti wanchito wa pa mgodi, kalaliki ndi mphunzitsi akhoza kusunga mapaundi kufikira agule cinthu cimene acifuna. Mu 1952 kunaturuka magazini ya omvera, African Listener, yosindikiza ndondomeko ya mapulogalamu ndi nkhani zoulutsidwa, ndipo mu 1958 Nshila inalowa m'malo mwace.

Makampani a migodi nawonso anayamba nyuzi za anchito ao: Luntandanya ku Nkana, Mufulira African Star, Nchanga Drum, ndi ina ku Roan Antelope. Zinali zokoma kuwerenga, zodzala ndi zithunzi za mpira, za maukwati, za magulu a amai ndi za okwezedwa pa nchito, ndipo zinaphunzitsa anyamata ena nchito yolemba nyuzi. Koma wolipira wosindikiza anali mwini mgodi, ndipo nkhani za malipiro ndi za sitalaka zinali kulembedwa monga iye anaziona.

KAZENERA KA KUMBALI

Cododometsa ndi ici, kuti masitolo ambiri a Azungu anafuna ndalama ya munthu wakuda osamfuna munthuyo. Wogula wakuda sanaloledwe kulowa pa khomo. Anali kuima pa mzere kunja, pa dzuwa kapena pa mvula, nalandira katundu pa kazenera ka kumbali, osasankha. Ku mabuchala anali kupatsidwa nyama yokulungiratu m'pepala. Mu 1954 African National Congress, yotsogoleredwa ndi Bambo Harry Nkumbula, mlembi wace wamkuru ali Bambo Kenneth Kaunda, inauza anthu kunyanyala mabuchala a ku Lusaka, ndipo mu 1956 kunyanyalako kunafalikira ku masitolo a m'matauni ena. Eni masitolo ambiri anatseka timazenera, natsegula makomo. Anthu anaphunzira kuti kuleka kugula ndi cida. Koma cida cimeneci cinalinso m'manja mwa amalonda, pakuti iwonso akanatha kunyanyala masamba a nyuzi imene sanaikonde.

Mmodzi wa amene analawa zimenezi anali Dr. Alexander Scott, dotolo wocokera ku Scotland, amene anayamba Central African Post ku Lusaka mu 1948. M'mwezi wa December 1957 iwo anaturutsa African Times, nyuzi yonena poyera zofuna za anthu akuda, ndipo mkonzi wace anali Bambo Elias Mtepuka a ku Nyasaland. Nthawi inali yoipa. Mkuwa, umene unapitirira mapaundi 400 pa tani mu 1956, unagwa kufikira pansi pa mapaundi 200 kuciyambi kwa 1958, ndipo mgodi watsopano wa Bancroft, ku Chililabombwe, unatsekedwa kwa kanthawi. Malonda akabvuta, ndalama yoyamba kudulidwa ndi ya kutsatsa. Ndipo pamwamba pa ico amalonda Acizungu sanafune kuti maina ao aoneke pa masamba otsutsa Citaganya. African Times inafa m'mwezi wa March 1958, isanathe miyezi 4.

Pa nthawi yomweyo Bambo Sikota Wina, amene anagwirapo nchito pa Nchanga Drum, anayamba African Life ku Ndola. Imeneyi ikumbukidwa monga nyuzi yoyamba m'dziko lino imene mwini wace ndi mkonzi wace anali munthu wakuda. Inaima ku mbali ya omenyera ufulu, ndipo mwini wace anali mmodzi wa amene Boma linawathamangitsira kumidzi mu 1959. Thumba la wamalonda wamkuru linali lomangika kwa iyo, eni timasitolo ta m'komboni anali osauka, ndipo mwini wolemera panalibe. Inaleka kuturuka mu 1961.

Dr. Scott sanataye mtima. M'mwezi wa February 1960 anayamba African Mail pamodzi ndi Bambo Richard Hall, amene anakhala mkonzi, ndipo tsopano kumbuyo kwao kunali Bambo David Astor, mkonzi wolemera wa nyuzi ya Observer ya ku London, amene analola kulipira zotayika. Nyuziyo inasanduka Central African Mail mu 1962, ndipo inadzakhala ndi akonzi akuda, Bambo Titus Mukupo ndi Bambo Kelvin Mlenga. Maganizo ace sanasiyane kwambiri ndi a African Times. Cosiyana cinali thumba lacitatu, ndipo cifukwa ca ilo inafika pa tsiku la ufulu iri yamoyo. Mwana wa Dr. Scott, Bambo Guy Scott, ndiwo anadzakhala waciwiri kwa Pulezidenti mu 2011.

UFULU, NDI MATUMBA AWIRI M'DZANJA LIMODZI

Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964, ndipo eni nyuzi anasinthika msanga. Kampani ya Lonrho, yoyendetsedwa ndi Bambo Tiny Rowland, inagula Northern News, imene mu 1965 inasanduka Times of Zambia. Ndipo caka comweco Boma linatenga Central African Mail, niicha Zambia Mail, ndiyo Zambia Daily Mail ya lero. Pa 19 April 1968, ku Mulungushi, Pulezidenti Kaunda analengeza kuti Boma lidzatenga magawo 51 pa 100 m'makampani akuru oposa 20, pakati pao masitolo a CBC ndi a OK Bazaars, ndi kuti malonda a m'masitolo a kumidzi ndi a m'makomboni adzakhala a nzika za Zambia. Mu 1969, ku Matero, ananena cimodzimodzi za migodi. Eni masitolo Acizambia anacuruka, ndipo kazenera kanaiwalika. Koma ogula masamba athunthu tsopano anali makampani a Boma. Pamene mu 1975 kunalengezedwa kuti cipani ca UNIP cidzatenga Times of Zambia, thumba laciwiri ndi lacitatu anakhala m'dzanja limodzi.

Zotsatira zace zinaoneka poyera mu 1990, pamene gulu la MMD linayamba kupempha kuti zipani zambiri zibwerere. Kumapeto kwa cakaco Pulezidenti analamula kuti nyuzi za Boma zisalembe nkhani za gululo, ndiponso zisalandire zilengezo zace ngakhale litabwera ndi ndalama m'manja. Bambo Arthur Wina, akuru ao a Bambo Sikota Wina, pamodzi ndi anzao, anapita ku Khoti Lalikuru, ndipo khoti linaweruza kuti lamulolo linaphwanya Malamulo a dziko, pakuti nyuzizo zinali cuma ca anthu onse. Mng'ono anasowa amalonda ogula malo pa nyuzi yace m'masiku a Citaganya, ndipo patapita zaka 30 mkuru anasowa nyuzi yomgulitsa malo.

Mu 1991, caka cimene Bambo Frederick Chiluba anapambana cisankho, Bambo Fred M'membe ndi anzao anayamba Weekly Post, imene inadzakhala The Post ya tsiku ndi tsiku, ndipo inatsekedwa m'mwezi wa June 2016 pa mlandu wa misonkho imene Zambia Revenue Authority inati siinalipidwe. Masiku ano malonda ambiri asamukira pa intaneti ndi pa mafoni a m'manja, ndipo wogulitsa nsapato akhoza kutsatsa pa Facebook osapita kwa mkonzi ali yense. Mtobvu unaleka kale, kusindikiza kwapepuka, koma wolemba nkhani adya, ndipo pepala ligulidwabe ndi ndalama.

ZIMENE BUNGWE LA AMALONDA LINGATOLEPO

Magazini ya bungwe iri ndi mwai umodzi umene African Times ndi African Life zinausowa, pakuti owerenga ace, eni ace, ndi ogula malo ace ali anthu omwewo. Mamembala akasonkha pa caka, ndalama yao ilipira kope loyamba, lodulalo. Ndipo timalonda ta mamembala omwewo, ta telala, ta wowotcherera zitsulo ndi ta mai wogulitsa mbeu, tilipira pepala ndi inki. Mutu umodzi susenza denga. Timalonda 20 tating'ono tiri ndi citetezo coposa tsamba limodzi lalikuru, cifukwa telala akacoka otsalawo akhalabe, koma kampani imodzi yolipira theka la magazini ikakwiya, magaziniyo yatha, ndipo mkonzi adziwa cimeneci nthawi zonse pamene agwira colembera.

Coopsa cidza pamene bungwe lifuna kudandaula. Tsiku lina eni masitolo adzafuna kulemba kuti wogulitsa katundu wa cipiku akweza mitengo mopanda cifukwa, kapena kuti banki icedwetsa ngongole. Ndipo ngati dzina la wogulitsayo kapena la bankiyo liri pa tsamba lotsiriza, nkhaniyo idzacotsedwa kapena kufewetsedwa, ndipo mamembala adzazindikira monga anthu a m'komboni anazindikira mau a Mutende ndi a African Eagle. Cifukwa cace bungwe lanzeru lilemba mitengo ya malo poyera, yofanana kwa onse. Lisiyanitsa cilengezo colipidwa ndi nkhani ya mkonzi, kuti wowerenga asanyengedwe. Linena zoona pa ciwerengero ca makope. Ndipo lilandira ndalama magazini isanapite kwa wosindikiza, pakuti ngongole ya cilengezo cimene caturuka kale ibvuta kutola. Liyeneranso kuturutsa magazini pa tsiku lolonjezedwa, cifukwa wotsatsa mayunifomu a sukulu safuna kuona cilengezo cace ana atatsegulira kale.

Wowerenga nayenso ali ndi gawo lace. Bambo Moore anali ndi mankhwala ogulitsa, Chamber of Mines inafuna anchito odekha, Boma la atsamunda linafuna mtendere ku Migodi, a Paver anafuna ogula sopo ndi njinga, ndipo Bambo Astor anafuna kuti Citaganya citsutsidwe. Onsewa anasindikiza zinthu zoona zambiri, ndipo onsewa anali ndi zina zimene sanasindikize. Munthu wotenga nyuzi kapena magazini m'manja acita bwino kuyang'ana pansi pa tsamba, pamene palembedwa dzina la mwini ndi la wosindikiza, ndi kuwerenga maina a ogula malo akuru, asanayambe kuwerenga nkhani za pamwamba.